Mfuti zolasa pepala ku Bisley

Kwa akuluakulu a ku Zóbuè ndi Moatize, kulira kwa mfuti kumakumbutsa nkhondo imene idatha mu 1992, ndi ulendo wothawira ku Mwanza mitolo ili pamutu. N'chifukwa chake ambiri samvetsa akamva kuti kwina mfuti ndi masewero.

Ku Bisley, m'dziko la Mangalande, makalabu amakumana chaka ndi chaka kupikisana kulasa chandamale cha pepala. Mpikisanowu udayambira ku Wimbledon mu 1860, nusamukira ku Bisley mu 1890. Wolasa amagona chafufumimba, chandamale chili kutali mamita oposa 900 pa gawo lomaliza. Mdani wake ndi mphepo. Amayang'ana mbendera zoimikidwa m'bwalomo kuti adziwe kumene ikuwombera, nakonza poyang'anira pa mfuti, n'kugwira mpweya asanakoke. Mphepo ikatembenuka pang'ono chabe, chipolopolo chimapatuka.

Mphotho ya Mfumu ndi mapaundi 250, monga zidaliri mu 1860. Zoona, sapitira ndalama. Wopambana anzake amamukweza pampando n'kumunyamula pamapewa. Mu 1930 adanyamula mayi, Marjorie Foster, atagonjetsa amuna onse.