Chifukwa Chake Woyendetsa Forklift Amayenera Kuphunzitsidwa

Monga wophunzira za zilankhulo, ndimakonda kufufuza zimene dzina la chinthu limatiuza. Makina onyamulira katundu amene timawaona m'mafakitale ndi m'nyumba zosungiramo katundu amatchedwa counterbalance forklift. Mawu oyambawo amatanthauza kulemera kumene kumapikisana ndi kulemera kwina. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti maphunziro a oyendetsa makinawa agona pa tanthauzo limeneli.

Forklift imagwira ntchito ngati sikelo. Katundu amakhala kutsogolo pa zitsulo ziwiri zonyamulira, pamene kumbuyo kuli chitsulo cholemera kwambiri. Matayala akutsogolo ndiwo pakati pa sikeloyo. Katundu akalemera kupyola mlingo, kapena akakhala kunsonga kwa zitsulozo, matayala akumbuyo amanyamuka. Akakwezedwa m'mwamba makina akuyenda, kukhota pang'ono chabe kungawagwetse cham'mbali. Komanso matayala okhota ndi akumbuyo, kotero mbuyo yake ikamazungulira imatha kupanikiza munthu amene waima pafupi. Luso loyendetsa galimoto siliphunzitsa zonsezi.

Ndatenga chitsanzo cha dziko la South Africa chifukwa Amalawi ambiri amapita kumeneko kukafuna ntchito. Pansi pa lamulo la Occupational Health and Safety Act la 1993 pali ndondomeko yotchedwa Driven Machinery Regulations ya 2015. Ndondomekoyi imaletsa wolemba ntchito kupereka forklift kwa munthu amene sanaphunzitsidwe ndi sukulu yovomerezeka. Wophunzira amapimidwa m'thupi ndi m'maso, amaphunzira m'kalasi ndiponso pa makina enieni, kenako amayesedwa. Setifiketi yake imatchula mtundu wa makina: ya F1 ndi ya forklift yonyamula mpaka makilogalamu 3,000, pamene ya F2 imafika pa 7,000. Pakatha miyezi 24 setifiketiyo imatha mphamvu, ndipo mwiniwake amayenera kukayesedwanso.

Nanga amaphunzira chiyani? Asanayambe ntchito ayenera kuona mabuleki, matayala, matcheni ndi mafuta. Ayeneranso kuwerenga kachitsulo kamene kamalembedwa kulemera kumene makinawo angathe kunyamula. Poyenda, katundu azikhala pafupi ndi pansi. Akamutchinga kuona kutsogolo, aziyenda chobwerera m'mbuyo, ndipo pachitunda katunduyo aziloza kumtunda. Lamulo lovuta koposa ndi lakuti makina akayamba kugwa asadumphe, chifukwa denga lake lachitsulo lingamupsinje. Akhale atamanga lamba, agwiritsitse chiwongolero ndi kupendekekera mbali imene makinawo sakugwera.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chilankhulo. Nthawi zambiri maphunzirowa amachitika m'Chingerezi, ndipo munthu akhoza kuloweza mayankho osamvetsa chifukwa chake. Mantha akagwira, mawu oloweza amaiwalika, koma chimene munthu anachimvetsa chimatsala. Choncho m'bale wathu wofuna ntchitoyi asachite manyazi kufunsa mphunzitsi kufikira atamvetsa, ndipo asayerekeze kugula setifiketi yachinyengo. Moyo wake ndi wa anzake ogwira ntchito pafupi naye umadalira pa kumvetsa kumeneko.