Nkhokwe yodzaza si umboni wa phindu

Magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama m'midzi ya ku Molumbo, boma lomwe linapatulidwa ku Milange m'chaka cha 2013, amalandira mapempho a ngongole kuchokera kwa akalipentala, oumba njerwa ndi okhoma zidebe. Ena mwa amisiriwa amapempha anthu kuti aponye ndalama m'bizinesi yawo kuti adzagawane phindu.

Kawirikawiri wopemphayo amatengera mamembala kunyumba kwake kukawaonetsa katundu amene wadzaza mpaka kudenga. Ambiri akaona izi mtima umakhala pansi. Komatu akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Katundu wa mmisiri amakhala wa mitundu itatu. Pali zipangizo monga matabwa, misomali ndi guluu, pali katundu amene ali m'kati mopangidwa, komanso pali womalizidwa amene akudikira wogula. Ngati kalipentala ali ndi matabwa ambiri ndipo buku lake la maoda ladzaza ndi mayina, ndiye kuti ntchito ikuyenda. Koma ngati zochuluka ndi zitseko zomalizidwa zomwe zachita fumbi, ndalama zake zagona ndipo chiswe sichidikira. N'chimodzimodzinso ndi zidina zosaotcha zomwe mvula ikangogwa zimabwerera kudothi.

Masamu ake ndi osavuta. Mmisiri amene amagulitsa zitseko 10 pamwezi koma wasunga 40, ali ndi katundu wa miyezi inayi. Ngati gulu likufuna ndalama zake pakatha miyezi itatu, mwina adzalephera kubweza ngakhale ali munthu wokhulupirika.

Buku la maoda nalo limafunika kuliwerenga mosamala. Mamembala afunse kuti mwa anthu olembedwawo ndi angati amene anaperekako kale ndalama, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Afunsenso kuti maodawo akhala nthawi yaitali bwanji. Mndandanda wautali nthawi zina umatanthauza kuti mmisiriyo amachedwa kapena alibe zipangizo, ndipo makasitomala akatopa amapita kwina. Komanso ngati anagwirizana mtengo matabwa asanakwere, oda iliyonse yomwe amalize idzamudyera mpamba.

Funso lalikulu ndi lakuti ogulawo ndi ambiri kapena ndi mmodzi yekha. Pa nkhani iyi alimi a nandolo m'chigawo cha Zambezia ali ndi phunziro lowawa. Mvula itavuta ku India m'zaka za 2014 ndi 2015, mtengo wa nandolo unakwera kwambiri. Mu July 2016 nduna yaikulu ya dzikolo, a Narendra Modi, anabwera ku Maputo ndipo maiko awiriwa anasainirana mgwirizano wogulitsana nandolo. Alimi anakulitsa minda, ogula nawo anadzaza mosungira katundu.

Koma amwenye atakolola nandolo wambiri kwawo, boma lawo mu August 2017 linaika malire akuti nandolo wolowa m'dzikolo asapitirire matani 200,000 pachaka. Ngakhale mgwirizano unalipo, mtengo unagwa koopsa ku Mozambique ndi ku Malawi komwe. Matumba omwe dzulo lake ankaoneka ngati chuma anasanduka katundu wolemetsa, kaamba koti onse ankadalira wogula mmodzi.

Zoterezi zikhoza kugweranso woumba njerwa amene maoda ake onse ndi a kontrakitala mmodzi womanga sukulu. Ntchitoyo ikaima, uvuni wonse umakhala wopanda mwini, ndipo ndalama za amayi omwe ankaponya sabata ndi sabata zimatsekeredwa m'njerwazo.

Choncho gulu lisanatsegule bokosi, litume mamembala awiri kapena atatu kuti akawerenge katunduyo ndi manja awo, aone buku la maoda, ndipo akacheze ndi ena mwa ogula olembedwamo. Mmisiri woona mtima sangakane zimenezi, chifukwa zimatetezanso mbiri yake.