Akakupatsa mtima wake, usabzalemo zako

M'chaka cha 1992, m'chigawo cha Missouri ku United States, mtsikana wina, mwana wa m'busa, adapita kukafuna uphungu kwa mlangizi wa pampingo. Atayendako kwa miyezi yambiri, adayamba kukumbuka zinthu zimene kale lonse sankazidziwa. Adakumbuka kuti bambo ake ankamugwirira kuyambira ali ndi zaka 7 kufikira zaka 14, kuti adamupatsa pakati kawiri, ndi kuti adamukakamiza kutaya pakatipo. Nkhaniyi itamveka, bambowo adatula pansi ubusa ndipo banja lidagawikana.

Mtsikanayo ali ndi zaka 22, madokotala adamuyeza napeza kuti anali asanagonepo ndi mwamuna chibadwire, ndipo anali asanakhalepo ndi pakati. Zonse zimene ankakumbukazo zidamera m'chipinda cha uphungu. Mu 1996 nkhaniyi idathera pa chipepeso cha madola 1 miliyoni. Koma madzi akatayika saoleka. Ndi ndalama zingati zimene zingabweze zaka zimene mwana adadana ndi bambo ake pa mlandu umene sudachitike?

Tisanapitirire, abale ndi alongo, timvane bwino. Nkhanza kwa ana zilipo ndithu, ngakhale m'nyumba za anthu opemphera, ndipo mwana akanena tiyenera kumumvera ndi kukanena kupolisi. Mlangizi wobzala nkhani yabodza amalakwiranso ana ozunzidwawa, pakuti amapangitsa anthu kukayikira ngakhale amene akunena zoona.

Lero tikufuna tilingalire za khalidwe loyenera anthu amene ntchito yawo ndi kugwira maganizo a anzawo, makamaka ochiza ndi njira yotchedwa hypnosis, ndi amene amadzitcha makochi a moyo, omwe amalandira malipiro potsogolera munthu pa zolinga zake.

Dzina lakuti hypnosis lidachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza tulo, ndipo adalitchukitsa ndi James Braid, dokotala wa ku Scotland amene ankagwira ntchito ku Manchester m'zaka za m'ma 1840. Koma munthuyo sakhala ali m'tulo. Wochiza amamukhazika mtima pansi ndi mawu odekha kufikira maganizo ake onse asonkhana pa chinthu chimodzi. Pamenepo munthu amalandira mosavuta zimene akuuzidwa, ndipo kukayika kwake kumachepa. Ndi chifukwa chake njirayi imathandiza ena pa ululu, pa mantha ndi pa mavuto ena a m'mimba, kotero kuti bungwe la madokotala a ku Britain lidaivomereza mu 1955. Akhristu amasiyana maganizo ngati njirayi n'njoyenera, ndipo mtsutso umenewo tiusiye kaye. Chimene tonse tingachione n'chakuti khomo limene mankhwala amalowera ndi lomwelonso limene poizoni angalowere.

Ngoziyi idaoneka kalekale. Mu 1784, ku Paris, Mfumu Louis XVI idasankha akatswiri, kuphatikizapo Benjamin Franklin ndi Antoine Lavoisier, kuti afufuze machiritso a Franz Anton Mesmer, amene ankati m'matupi a anthu mumayenda mphamvu ina yonga ya maginito. Atamanga anthu m'maso ndi kuwayesa, adapeza kuti mphamvu yoteroyo kulibe, ndipo zimene zinkawachitikira anthuwo zinkachokera m'maganizo mwawo momwe. Padalembedwanso lipoti lina lachinsinsi lopita kwa mfumu yokha, lochenjeza kuti amayi odwala anali pa chiopsezo m'manja mwa amuna ochiza mwa njirayi. Papita zaka zoposa 240, koma chenjezo limenelo silidakalambe.

Ambiri timaganiza kuti chikumbumtima chathu cha zakale chili ngati kaseti yojambula, yoti ukaibweza m'mbuyo imanena zomwezo. Sizili choncho. Nthawi iliyonse tikamakumbuka, timamanganso nkhaniyo, ndipo mawu a munthu wina angathe kulowa m'chimangidwecho ife osazindikira. Mu 1995 katswiri wa za maganizo, Elizabeth Loftus, adaonetsa izi. Adauza anthu akuluakulu kuti achibale awo akuti adasocherapo pamalo ogulitsira malonda ali ana, chinthu chimene sichidachitike. Pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse adafika pokumbuka kusocherako. Apa n'kuti palibe hypnosis. Zaka khumi m'mbuyo mwake, mu 1985, bungwe la madokotala a ku America linali litachenjeza kale kuti zokumbuka za pa hypnosis zingasakanikirane ndi zopeka, ndipo sizodalirika kuposa kukumbuka wamba. Choopsa china n'chakuti munthuyo amatuluka ali wotsimikiza kwambiri. Ku Wisconsin mayi wina adafika pokhulupirira kuti m'thupi mwake mudali anthu oposa 120 atathandizidwa ndi dokotala wa zamaganizo amene ankagwiritsa ntchito hypnosis. Mu 1997 adalandira chipepeso cha madola 2.4 miliyoni.

Makochi a moyo nawo ali ndi phompho lawo. M'maiko monga Britain ndi United States palibe lamulo loletsa munthu kudzitcha kochi wa moyo ngakhale sadaphunzire kalikonse. Bungwe la International Coaching Federation, limene lidayamba mu 1995, lili ndi malamulo a khalidwe, koma amamanga mamembala ake okha. Mu 2009, pafupi ndi Sedona ku Arizona, anthu atatu adamwalira pa msonkhano wa James Arthur Ray, mphunzitsi wotchuka wa njira zodzitukulira. Iye adawalowetsa m'chisakasa chotenthetsedwa ndi miyala yamoto, nawalimbikitsa kupirira kuti agonjetse mantha awo. Anthuwo anali atalipira madola zikwizikwi ndipo ankamukhulupirira koposa matupi awo amene ankawauza kuti atuluke. Mu 2011 khoti lidamupeza wolakwa pa kupha anthu chifukwa cha kusasamala.

Nanga wogwira ntchito yotere ayende bwanji?

Choyamba, anene zoona ntchito isanayambe. Munthu adziwe maphunziro enieni a womuthandiza, njira imene igwiritsidwe ntchito, malipiro ake, ndiponso kuti ali ndi ufulu wosiya tsiku lililonse. Wolonjeza kuti vuto litha ndithu m'masabata awiri akugulitsa chimene alibe.

Chachiwiri, asabzale. Pali kusiyana pakati pa kufunsa kuti, "Mukukumbuka chiyani za ubwana wanu?" ndi kufunsa kuti, "Kodi bambo anu ankalowa m'chipinda chanu usiku?" Funso loyamba limapatsa munthu malo. Lachiwiri lili ndi mbewu m'kati. Mlangizi amene wadziwiratu gwero la vuto munthu asanayankhule adzalipeza ndithu gwerolo, ngakhale kulibe.

Chachitatu, adziwe polekezera luso lake. Kochi wa moyo si dokotala. Munthu amene akunena zodzipha, amene wasiya kudya ndi kugona, kapena akumva mawu amene ena sakuwamva, akufunika achipatala msanga. Kumuuza kuti asiye mankhwala ndi kumangoganiza zabwino ndi kumuperekeza kumanda. Mutu umodzi susenza denga, choncho mlangizi wanzeru amakhala ndi mkulu wa ntchito yomweyo amene amamuunikira, ndipo sachita manyazi kutumiza munthu kwa wodziwa kuposa iye.

Chachinayi, asadyerepo. Munthu wosweka mtima amakonda msanga amene wamumvera, ndipo amavomera zambiri. Kumufunsira, kumukongola ndalama, kapena kutalikitsa uphungu dala kuti malipiro asaleke, zonsezi ndi kuba, ngakhale mwiniyo atavomera ndi pakamwa pake. Kuvomera kwa munthu amene wakudalira ndi moyo wake wonse sikungakhale chodzikanira chako.

Chachisanu, asunge chinsinsi, ndipo anene poyambirira pomwe malire a chinsinsicho. Pamene moyo wa munthu uli pangozi, kapena mwana akuzunzidwa, kukhala chete ndi kulakwa. Mu 1976 khoti lalikulu la ku California lidagamula kuti wochiza ali ndi udindo woteteza munthu amene wodwala wake waopseza kuti amupha. Kunja kwa malire otere, zimene zanenedwa m'chipinda zithere m'chipindamo.

Tsono nkhaniyi ikutikhudza ife eni. Tikumbukire kuti mlangizi wa ku Missouri uja anali wa pampingo. Ife abusa, akulu a mpingo ndi amayi otsogolera m'mabungwe a amayi sitichita hypnosis, koma munthu amene wagwada patsogolo pathu, maso ali chitsinzire, misozi ili chuchuchu, watsegula khomo lomwelija. Chimene tinene pamenepo adzachilandira ngati chochokera kumwamba. Tikamuuza kuti amene akumutsekera mwayi ndi agogo ake, tabzala mbewu, ndipo zokolola zake tonse tazimva: nkhalamba zopirikitsidwa m'midzi, zina kuphedwa kumene. Lamulo loletsa umboni wonama limamanganso amene amaika umboni wonamawo m'kamwa mwa mnzake. Tikatenga zimene mlongo watiuza mwachinsinsi n'kuzisandutsa chitsanzo pa gome la ulaliki, kapena mutu wa pemphero la pagulu, tamuvula pamsika.

Malembo sadatisiye opanda chenjezo. Pa Ezekieli 34 Mulungu akudzudzula abusa odzidyetsa okha pamene nkhosa zodwala zili chigonere. Pa 2 Mafumu 5, Elisa adakana mphatso za Namani atachira, koma Gehazi adamuthamangira m'njira nakatenga siliva ndi zovala, ndipo khate lija lidamugwera iye. Taonaninso Ambuye Yesu pa Marko 10. Wakhungu Bartimeyo atafika pamaso pake, vuto lake linali loonekeratu kwa aliyense, komabe Ambuye adayamba amufunsa chimene iye mwini akufuna. Ngati Iye amene amadziwa zam'mitima adapatsa munthu mpata wonena yekha, ife amene timangoganizira tili ndi chifukwa chanji chomunenera?

Kwa inu amene mukufuna thandizo, kufunsa si mwano. Funsani womuthandizani kumene adaphunzira, bungwe limene limamuyang'anira, ndi kumene mungakadandaule zinthu zikalakwika. Mlangizi woona sakwiya ndi mafunso otere. Chenjerani ndi amene akukusiyanitsani ndi abale anu onse, amene akuti ndi iye yekha angakumvetseni, kapena amene akukuletsani kuuza wina zimene zikuchitika m'chipinda chake. Uphungu wabwino umaoneka pamene munthu, miyezi ikamapita, akuyamba kuima yekha ndipo kudalira kwake pa mlangizi kukucheperachepera.

Kwa ife amene anthu amatipatsa mitima yawo, tidzifunse usiku uno tisanagone: kodi amene adabwera kwa ife sabata ino adabwerera ndi choonadi chake, kapena ndi maganizo athu? Mulungu atipatse makutu oleza, lilime losafulumira, ndi manja osatola za nkhosa zimene adatisungitsa. Amen.