Matenda Ofanana Nkhope: Kodi Makina Angawasiyanitse?

Mwana akatentha thupi ku Lirangwe kapena ku Chileka, ambiri a ife timafulumira kunena kuti ndi malungo. Komatu chibayo, taifodi ndi matenda oumitsa khosi nawonso amayamba chimodzimodzi, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Tsono sing'anga adzawasiyanitsa bwanji, pamene pakhonde pali amai ochuluka akudikira ndi ana kumsana?

Funso lotere linavutanso madokotala a ku Ulaya. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ku Leeds m'dziko la England, dokotala wina dzina lake F. T. de Dombal anaika mu kompyuta mbiri za odwala m'mimba amene matenda ao anali atadziŵika kale. Pofika wodwala watsopano, kompyutayo inkayerekeza zizindikiro zake ndi za anzake akale aja, nkutchula nthenda imene yafanana nazo koposa. Pa odwala 304, makinawo analondola pafupifupi 92 mwa 100 alionse, pamene madokotala aakulu analondola pafupifupi 80. Pambuyo pake kunaonekanso kuti madokotala amene ankangotsata mndandanda wa mafunso a makinawo nawonso anayamba kulondola koposa kale. Mphamvu yaikulu inali m'kufunsa mwadongosolo, osadumpha kanthu.

Kuno kwathu nzeru yotereyi inafika kudzera pa foni. Mu 2012, m'zipatala zina zazing'ono za ku Blantyre munayambika ntchito yotchedwa Chipatala Robot. Alangizi a zaumoyo ankayenda pamzere ndi foni imene inkawafunsa zizindikiro za mwana aliyense, nkumupatsa mtundu monga mwa maloboti a pamseu. Wofiira unkatanthauza kuti aonedwe pompo, wachikasu kuti atsogozedwe, wobiriŵira kuti angathe kudikira. Foniyo sinkatchula nthenda, koma inkateteza mwana wodwalitsa kuti asatsirizike ali pamzere.

Koma makina alibe maso. Amayerekeza zokhazo zimene auzidwa, ndipo amene anachezera ndi mwana usiku ndinu makolo. Choncho pofika kuchipatala fotokozani tsiku limene kutentha kunayamba ndi mankhwala amene mwamupatsa kale, ngakhale a zitsamba, osabisa. Nenani msanga ngati mwana akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wachita zinjirinjiri, kapena wangolefuka osadzuka. Kupuma nakonso kumaŵerengedwa: mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, ndiponso wa chaka chimodzi mpaka zinai akapuma ka 40 kapena kuposerapo, chingakhale chibayo.

Kufanana kwa zizindikiro si umboni wokwanira ai. Nchifukwa chake malungo amatsimikizidwa poyeza dontho la magazi a pachala. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Mai aone, mlangizi afunse, makina ayerekeze, ndipo sing'anga agamule.