Themositati ya m'Bani Ikavuta: Mmene Mungapezere Cholakwa

Alimi a fodya wa kampopi, ena mwa inu muli ndi themositati m'mabani anu. Aka ndi kabokosi koyang'anira kutentha. Kali ndi chingwe chokhala ndi kamutu kachitsulo kamene kamakhala pakati pa fodya ndi kumva kutentha. Kutentha kukatsika, kabokosi kamayatsa fani yopemerera moto m'ng'anjo, ndipo kukafika pamene munatchera, kamaizimitsa.

Mukudziwa kuti fodya amafuna madigiri 35 mpaka 38 pamene akusanduka wachikasu, ndipo poumitsa mtsempha wa pakati pa tsamba kutentha kusapitirire madigiri 74. Kutentha kukakwera msanga, tsamba limauma likadali lobiriwira. Kukatsika usiku fodya atayamba kale kuuma, tsamba limada. Zonsezi zimatsitsa giredi ku okushoni. Motero themositati ikavuta, thukuta la nyengo yonse likhoza kupita pachabe usiku umodzi.

Yambani mwapulumutsa fodya

Musathamangire kumasula kabokosi. Yambani mwaona themometa yagalasi imene iyenera kukhala m'bani nthawi zonse, ndipo muike munthu wosonkhezera moto ndi kutsegula mazenera monga tinkachitira kale. Fodya akakhala pabwino, ndiye mufufuze cholakwa. Musanagwire waya aliyense, zimitsani magetsi pa switchi yaikulu. Magetsi a mavoti 230 amapha.

1. Kabokosi sikakuyaka

Nthawi zambiri vuto silikhala kabokosi ayi, koma njira yodzera magetsi. Onani ngati magetsi alipo polumikiza nyale kapena wailesi pa soketi yomweyo. Kenaka onani fyuzi. Ngati yapsa, ikani ina ya mphamvu yofanana. Musaike waya kapena pepala lonyezimira m'malo mwa fyuzi, chifukwa mukhoza kutentha bani. Fyuzi yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, ndiye kuti pali mawaya awiri amene akukhudzana. Kawirikawiri amakhala odyedwa ndi makoswe kapena osungunuka pafupi ndi mpope.

Amene mumagwiritsa ntchito sola, yezani batire. Batire la mavoti 12 likadzaza limasonyeza pafupifupi 12.6, ndipo likatsika pansi pa 12 lafooka kwambiri. Werenganinso zolembedwa pa kabokosi, pakuti tilipo ta mavoti 12, ta 24 ndi ta 220. Ka mavoti 12 kakalumikizidwa ku magetsi a m'nyumba kamapsa pomwepo, ndipo ka 220 sikayaka pa batire.

2. Kakuyaka ndi kuzima kokha

Apa ganizirani za waya wokhwepa. Kutentha ndi kuzizira kwa masiku onse, pamodzi ndi kunjenjemera kwa fani, kumamasula tizomangira pang'onopang'ono. Kokani waya aliyense mosamala, ndipo wogwedera mummange. Waya wa dzimbiri kapena wobiriwira kumapeto mumudule ndi kusenda pena patsopano.

3. Manambala ngosamveka

Pa mtundu wofala wa STC-1000, zilembo EE zimatanthauza kuti chingwe cha kamutu chaduka, chamasuka kapena mawaya ake akhudzana. Kuti muyese kamutu, kafumbateni m'dzanja. Nambala iyenera kukwera pang'onopang'ono mpaka kupitirira 30. Ikapanda kusuntha, chingwe kapena kamutuko kafa.

Ngati nambala ikusiyana ndi ya themometa yagalasi, onani pamene kamutu kali. Kakakhala pafupi ndi mpope kamasonyeza kutentha kwambiri, ndipo fani imazima fodya akadali wozizira. Kakakhala pafupi ndi chitseko kamasonyeza kuzizira, ndipo fani siima. Mangani kamutu pamodzi ndi themometa m'munsi mwa masamba a mzere wa pansi. Chingwe chake chisayende pamodzi ndi waya wa fani, chifukwa manambala amadumphadumpha.

4. Kabokosi kali bwino koma fani siyenda

Mvetserani. Pamene kutentha kwatsika, mkati mwa kabokosi muyenera kumveka kuti "tha". Imeneyi ndi switchi yaing'ono yamkati. Ambiri amalakwa poganiza kuti switchi imeneyi imatulutsa magetsi. Iyo imangotsegula ndi kutseka njira, choncho waya wamoto ayenera kulowa mbali imodzi ndi kutuluka mbali ina kunka ku fani. Pa STC-1000, mabowo 1 ndi 2 ndi a magetsi, 3 ndi 4 ndi a kamutu, 5 ndi 6 ndi otenthetsa, pamene 7 ndi 8 ndi oziziritsa. Fani ya ng'anjo ikalumikizidwa pa 7 ndi 8 imagwira ntchito chobwerera: imayaka bani likatentha ndi kuzima likazizira.

5. Fani siima

Ili ndilo vuto loopsa koposa. Switchi yamkati imapirira maampu 10 okha, ndipo injini ya fani imakoka magetsi ochuluka zedi poyamba kuzungulira. M'kupita kwa nthawi tizitsulo ta switchi timapsa ndi kumatirirana, fani nkumangopemerera moto. Zikatere zimitsani fani ndi dzanja msanga. Pa fani yaikulu, mmisiri wa magetsi aike kontakita pakati kuti kabokosi kasasenze katundu wolemera.

Za mathemositati otumiza manambala pa foni

Nambala ikaleka kusintha pa foni, musakhulupirire kuti bani lili bwino. Mwina netiweki yaduka kapena magetsi azima, ndipo mukuona nambala yakale. Dzukani mukaone ku bani.

Matenanti, mukaona chachilendo uzani kapitawo kapena manijala wa esiteti nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Eni mabani, yesani themositati kwa tsiku lathunthu bani lili lopanda fodya musanayambe kuthyola, ndipo sungani fyuzi ndi kamutu kapadera. Ntchito ya mawaya a mavoti 230 isiyireni mmisiri wovomerezeka. Pa zina zonse funsani mlangizi wa m'dera lanu.