Si makatuni onse amene ali a ana

Makolo ambiri ku Moatize ndi ku Zóbuè amasiyira ana foni poganiza kuti makatuni onse ndi nthabwala, ngati Tom and Jerry wa ku America amene anayamba mu 1940. Koma ku Japan, makatuni ena amapangira akuluakulu. Grave of the Fireflies wa mu 1988 amaonetsa ana awiri akufa ndi njala pa nkhondo ya mu 1945, nkhani yowawa kwa okumbukira nkhondo ya m'dziko muno imene inatha mu 1992. Mu Attack on Titan anthu amadyedwa amoyo. Ku America nakonso kuli South Park, woseketsa koma wodzaza ndi zotukwana. Choncho kholo lizionerako kaye lisanapatse mwana foni.