Poyambira kufufuza galimoto yakale ikamavuta kulira m'nyengo yozizira ku Dedza

Unduna wa Zamtengatenga ndi Mtokoma ukudziwitsa alimi, amalonda ndi eni galimoto onse m'boma la Dedza kuti galimoto zakale zikamavuta kulira m'miyezi ya June ndi July, gwero lake kawirikawiri limakhala zinthu zazing'ono za magetsi kapena mafuta. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo kuzizira kwa m'bandakucha kumaulula zofooka zomwe sizioneka m'nyengo yotentha. Mlimi wa ku Bembeke amene wapakiratu mbatatesi kuti alawirire ku msika wa Lizulu, galimoto ikakana kulira, amapeza ogula apikulitsa kale kwa ena. Ambiri zikatere amathamangira kugula pampu kapena mainjekita atsopano mongoganizira, ndalama n'kutha vuto likadalipo.

Kufufuza kuyambire pa batire. Kukazizira batire imachepa mphamvu, pomwe oyilo amalimba ndipo injini imalemera kuitembenuza. Batire yodzaza bwino imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini ili yozima, ndipo injini ikamalira mulingowu uyenera kukhala pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ukachepera pamenepa ndiye kuti alitaneta siikutchaja. Mitu ya batire ikachita zoyerayera kapena zobiriwira, itsukidwe ndi kumangidwa zolimba. Waya wochoka pa batire kukagwira thupi la galimoto ndi injini amaiwalika kwambiri, chikhalirecho akachita dzimbiri galimoto imaonetsa zizindikiro zosokoneza ngati kuti kompyuta ya injini yafa.

Pali chizolowezi chozula waya wa batire injini ikulira pofuna kuyesa alitaneta. Pa galimoto ya mainjekita, mchitidwewu ungathe kuotcha kompyuta, chipangizo chomwe mtengo wake umaposa wa batire kangapo. Nayonso fyuzi ikapsa isalowedwe m'malo ndi kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, chifukwa fyuzi imapsa pofuna kuteteza mawaya kuti asayake moto.

Magetsi akapezeka kuti ali bwino, mpamene woyendetsa atembenukire ku mafuta. Pa galimoto zambiri za petulo, kiyi akapotokoledwa koma injini isanalizidwe, pampu ya m'thanki imamveka kulira motsitsa kwa masekondi awiri kapena atatu. Ikakhala chete, fyuzi ndi rileyi yake ziyambe zaonedwa pampuyo isanaweruzidwe kuti yafa. Galimoto yomwe imayenda bwino pachidikha koma n'kumatsamwa pachitunda italemedwa, nthawi zambiri imakhala ndi sefa ya mafuta yotsekeka kapena pampu yotopa. Kuyenda ndi thanki yongotsala pang'ono kuuma kumafupikitsa moyo wa pampu, pakuti mafuta omwewo ndi amene amaiziziritsa.

Mafuta a m'zigubu, omwe amachuluka m'mbali mwa msewu wa M1 mafuta akasowa, ndi amene amapha mainjekita ambiri. Timabowo ta injekita ndi tating'ono kwambiri moti kachitsotso kosaoneka ndi maso kamatitseka. Komanso petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Petulo wokhalitsa m'chigubu chosatseka bwino amatenga madzi, madziwo n'kukakhazikika pansi pa thanki pomwe pampu imayamwira. Kugulitsa mafuta popanda chilolezo cha bungwe la MERA ndi kuphwanya lamulo.

Chinthu china chokhudza kwambiri madera okwera ndi thermostat, kachipangizo kothandiza injini kufunda msanga. Amakaniko ena amakachotsa poganiza kuti akuteteza injini kuti isatenthe. Ku Dedza zotsatira zake n'zakuti injini imachedwa kufunda, kompyuta n'kumapitiriza kuthira mafuta ochuluka, mapulagi n'kuda mwaye, ndipo mwini wake amadabwa kuti galimoto yayamba kumwa mafuta. Utsi wakuda ungathenso kudza chifukwa cha sefa ya mpweya yodzaza fumbi la m'misewu ya kumidzi. Pa galimoto za dizilo, kuvuta kulira m'mawa kotsatana ndi utsi woyera kumaloza ku mapulagi otenthetsa, ndipo paipi ya injekita yomwe ikudontha isagwidwe ndi dzanja injini ikulira, popeza dizilo wake amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu.

Nyali ya chithunzi cha injini ikayaka padashibodi, isamatidwe ndi tepi. Galimoto zambiri zochokera ku Japan, monga Toyota Probox ndi Sienta, zili ndi polumikizira makina owerengera vuto pansi pa chiwongolero, ndipo mwini galimoto ali ndi ufulu wopempha makaniko kuti amuonetse zomwe makinawo apeza asanalipire chipangizo chilichonse.

Unduna ukuchenjeza mwapadera onse otsika msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti. Injini ikazima pamtsetse, mabuleki ndi chiwongolero zimalimba chifukwa zimadalira injini kuti zifewe. Galimoto yomwe yakhala ikuzimazima yokha isanyamule anthu kapena katundu pamsewuwu kufikira itakonzedwa, ngakhale chiphaso chake cha COF chikhale chisanathe.